Wapolisi wa M'khosi Mwanga

Bambo anga anali mesenjala ku maofesi a boma,
kumtunda kuja kumene msewu umayamba kukwera phiri.
Ankanyamula mafailo osawatsegula
ngakhale kuwerenga ankatha bwino lomwe.
Akafuna kudandaula za mtengo wa shuga
ankayamba akweza wailesi,
n'kusuzumira pawindo ngati akuona za mvula,
kenako mawu n'kutuluka opyapyala
ngati ulusi wosomoka m'mphepete mwa chitenje.

Anamwalira ku Sadzi, mwezi wa chisanu,
nthawi ya makadi a chipani itapita kalekale.
Anandisiyira njinga yopanda tcheni,
jekete la khaki,
dzina langali, Ndiuzayani,
ndi kawapolisi kamodzi
kokhala m'khosi mwangamu osalipira lendi.

Alibe yunifolomu.
Palibe anamulemba ntchito, ndiye adzamuchotsa ndani?

Lachiwiri lapitali, ku chipatala chachikulu,
ndinaima pamzere wa mankhwala a kuthamanga kwa magazi
kuyambira nkhungu isanachoke pa Chinamwali.
Cha m'ma teni kunabwera bambo wa nsapato zosongoka,
makiyi a galimoto akulira pachala.
Anatidutsa tonse ngati mitengo ya bulugama,
kalaliki n'kumutsegulira zenera ndi mano onse.
Ine mawu ananyamuka pamchombo,
otentha, athunthu,
koma pakhosi wapolisi uja anaimika dzanja:
Mukupita kuti, mayi?
Mukudziwa kuti ameneyu amadya ndi ndani?
Mwezi wamawa mudzamva kuti mankhwala atha.
Ndinameza.
Ndinanong'oneza mayi wa pambali panga: abale, dziko ili.
Iye anati, mmm.
Nayenso ali ndi wake.

Sigele, mwana wanga wa Folomu Thu,
amene anandiperekeza chifukwa cha chizungulire,
anafunsa ndi mawu ngati belu la kusukulu:
Amayi, tikunong'onezerana chiyani?
Olakwa ndife kodi?

Mzere wonse unati zii.
Ndinamutsina pantchafu.
Dzanja linafika maganizo asanafike,
ndipo kutsinako ndinakuzindikira:
n'komwe kuja kwa pachipata cha msika waukulu,
ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
nditafunsa bambo chifukwa chake
tikugulira khadi mwana wa kumsana.
Kani amasamuka chonchi wapolisiyu.
Safuna Landirova.
Zala ziwiri za kholo zimamukwanira.

Sigele sanalire.
Anapita pazenera akutsimphina pang'ono:
Achimwene, agogo awa abwera mbandakucha.
Basi. Mawu asanu okha.
Ndinadikira kuti denga ligwe,
kuti wina alembe dzina lathu m'kabuku.
Phiri linangokhala pomwe limakhala.
Kalaliki anang'ung'udza, n'kuitana agogo aja.
Wa makiyi anatukwana, anatuluka,
mwina anakalowera khomo lakuseri, sindidziwa.

Amati ufulu wanga unalembedwa m'buku la malamulo.
Ndimakhulupirira. Ndavotapo kangapo,
ndili ndekha m'kachipinda ka makatoni,
koma ndimaphimbabe pepala ndi chikhatho
ngati mwana wobisa mayeso.
Bukulo linatsegula zitseko za ndende,
la m'khosimu silinapatsidwe kiyi.

Madzulo, tikuwoloka Likangala,
ndinati, pepa mwanangu chifukwa cha ntchafuyo.
Anati, zala zanu n'zolimba, amayi,
muzizigwiritsa ntchito poloza.

Kunyumba ndinazimitsa wailesi.
Ndinatsegula windo la kumsewu, mbali zonse ziwiri,
ndinaima pakati pa balaza ngati wodwala woyesa miyendo,
n'kunena ndi mawu anga enieni,
amene ndimaitanira nkhuku ndi kutsatsira kaunjika pa Mpondabwino:
Zimene zija si zoona. Sindinakondwe nazo.

Wapolisi anatsokomola.
Sanachoke, ayi, ndisaname,
ndikumumva akusuntha kampando kake.
Koma neba wathu Abiti Saizi, akuanula zovala,
anatembenuka n'kufunsa: mwati chiyani?

Ndinabwereza.